Tsamba Losatseguka Loweruka

Atate anagwidwa ndi sitiroko chaka chimene ndinayamba ntchito pa kakampani kopanga mawebusaiti m'tauni. Anagwa m'bafa kunyumba kwathu ku Kabwata, mu Lusaka, ndipo potuluka m'chipatala dzanja lamanja linali litafa, pakamwa patakhota, mawu atathawa. Munthu amene ankayamba kutikalipira ali pageti mpaka kukafika kukhitchini anatsala ndi maso okha. Masowo ankathamangira kwa ine nthawi iliyonse foni yanga ikalira Loweruka masana.

Woimbayo anali asisi anga, mwana woyamba m'nyumba mwathu. Anapita ku Mangalande kampani ya boma imene atate ankagwirako itagulitsidwa, antchito n'kuuzidwa kuti akapume. Analowa ndi pepala la mlendo, pepalalo linatha, iwo n'kukhalabe. Kubwera kudzaona atate kukanatheka, koma kubwerera ayi, pamene mankhwala onse a atate ankachokera m'thukuta lawo. Ankasamala gogo wina wachizungu, kugona momwemo, ndipo ankatuluka Loweruka lokha, mwana wa gogoyo akabwera kudzakhala ndi mayi ake. Foni yawoyawo analibe. Ankagula khadi n'kuimbira pa foni ya mumsewu.

Ndinkawaikira atate foniyo kukhutu. Asisi ankalankhula, atate n'kumangoyankha ndi kamawu ka pakhosi kamene sitinkadziwa ngati n'kuseka kapena kulira. Tsiku lina nditabweza foni kukhutu kwanga asisi anati:

"Iwe, munibisa chani? Nifuna niwaone na maso yanga."

"Palibe chimene tikubisa, asisi. Akudya, akukhala pampando."

"Ndiye nionetse. Si ndiwe wa makompyuta?"

Tinali titayesapo kale positi. Zithunzi tinatumiza ku adiresi ya mnzawo wa kutchalitchi, ndipo mpaka lero sindidziwa amene akuziona. Imelo nayo inali yosatheka. Kompyuta yokhayo imene asisi ankaigwira inali ya mu laibulale ya m'dera lawo, ndipo eni laibulale anatsekera imelo yonse kuti anthu asamachedwepo. Masamba wamba okha ndiwo ankatseguka. Laibulaleyo inkatseka masana Loweruka, Lamlungu osatsegula n'komwe. Ndiye asisi ankayambira kumeneko m'mawa, kenako n'kupita kukaimba foni.

Ndinawauza kuti zimenezo n'zazing'ono. Ndiwapangira tsamba lawolawo, pamwamba zithunzi za atate, pansi kabokosi kolembamo mawu. Chimene alembe chizisungika mu databesi, ine Lolemba ndizisindikiza papepala n'kukawawerengera atate. Ndinalankhula monyada, chifukwa masamba otere ndinkawapanga tsiku ndi tsiku.

Ofesi yathu inali pamwamba pa shopu ya nsapato, kuseri kwa Cairo Road. Tinalipo antchito atatu ndi abwana. Seva, kompyuta imene inkasunga masamba onse a makasitomala athu, inkakhala m'kachipinda kuseri kwa tebulo la abwana, pamodzi ndi makatoni a mapepala ndi tsache. Sinali yooneka bwino, koma inkanyamula shopu yogulitsa misomali ndi malata ya ku Kamwala, sukulu ina yolipiritsa, ndi nyumba ya alendo. Fani yake inkalira tsiku lonse moti tinaizolowera, ndipo ukaima m'khonde kunja unkaimva kudzera pakhoma.

Abwana anali a mpingo wa Sabata, a ku Woodlands, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Lachisanu ankatiwerutsa dzuwa likadali pamwamba, iwo n'kutsala kukhoma zitseko. Ife tinkakonda chipembedzo chawo chifukwa cha zimenezo. Ndi iwo amene anawanyamula atate pa galimoto yawo kuchokera kuchipatala, n'kuwakweza masitepe a pakhomo pathu ngati bambo awo. Nditawapempha malo pa seva sanalole n'komwe kuti ndimalize.

"Ika, mwana wanga. Batate bako ni batate banga."

Tsiku lojambula, ndinabwereka kamera kwa mnzanga. Amayi anawasambitsa atate n'kuwaveka malaya oyera, koma atate anakana kuyang'ana kamera. Analoza wadilopu ndi dzanja lamanzere, akugunda pansi ndi phazi. Tinatulutsa jekete, anakana. Chipewa, anakana. Amayi ndiwo anazindikira, n'kutulutsa tayi yabuluu ya mizere imene ankavala ku ntchito kuja anawachotsa. Atawamanga tayiyo anakhala tsonga, nayesa kuwongola pakamwa. Ndinatsukitsa zithunzizo, ndinazisikana ku ofesi, ndipo sabata isanathe tsamba linali litatheka. Ndinalitsegula pa kompyuta yanga, pa ya mnzanga, ngakhale pa ya abwana. Paliponse atate ankatuluka atavala tayi yawo. Loweruka limenelo ndinawatchulira asisi adiresi chilembo ndi chilembo, iwo akulemba.

Atate ndinawafotokozera kuti Loweruka likubwerali mwana wawo awaona. Anamva m'njira yawoyawo. Loweruka m'mawa analozanso wadilopu. Ndinati, atate, chimene akaone ndi chithunzi chija, inu ngakhale mukhale chigonere sizisintha kanthu. Anandiyang'ana ngati ndine chitsiru cha m'nyumba, amayi n'kuwamanga tayi. Anakhala pampando moyang'ana khomo mpaka foni inalira.

"Sichitseguka," anatero asisi. "Chingolemba kuti tsamba silipezeka."

Ndinati mwalakwitsa chilembo. Anati mayi wa mu laibulale anawathandiza kulemba kawiri konse. Ndinati mwina laini inali yodzaza. Atate ankayang'ana pakamwa panga, ndipo ndinawapukusira mutu. Amayi anawamasula tayi madzulo.

Lolemba ndinalawira. Ndinalemba adiresi ija, tsamba n'kutseguka ngati palibe chinachitika. Ndinayamba kufufuza monga ndinkachitira kasitomala akadandaula. Ndinaona ngati foda ya zithunzi inali yololedwa kuwerengedwa ndi anthu akunja, inali bwino. Ndinaona ngati tsamba likulumikizana ndi databesi, ndinalemba mawu m'kabokosi, anasungika. Ndinaganiza kuti mwina zithunzi n'zolemera, kompyuta ya mu laibulale ikutopa kudikira, ndiye ndinazichepetsa mpaka mizere ya tayi inayamba kusokonekera. Ndinalembera mnzanga amene ankaphunzira ku Joni kuti ayese ali kumeneko. Lachiwiri anayankha kuti latseguka, ndipo anafunsa kuti mdala wadwala liti. Mtima unakhala pansi. Ngati likutseguka ku Joni, Mangalande ndi ndani?

Loweruka lotsatira, tayi pakhosi, foni inalira.

"Chimodzimodzi."

Apa ndinayamba kukalipa, ndipo ndinakalipira wolakwika. Ndinati asisi simudziwa kompyuta, mwina mukulemba adiresi m'kabokosi kofufuzira. Iwo anati usandiyankhe choncho, ndinakusambitsa ine. Kenako anatsitsa mawu.

"Kapena wachita dala? Ngati baipa maningi niuze chabe. Nili mwana ine?"

Mawu amenewo anandipweteka kuposa kutukwana. Ndinalumbira kuti atate ali pampando pompano, avala tayi, akudikira. Khadi lawo linathera pomwepo.

Sabata imeneyo ndinaidya mutu seva ija. Ndinaganiza za dzina la tsamba, kuti mwina makompyuta a kutali sanaphunzirebe kuti dzinali likuloza kwa ife. Ndiye ndinakonza zowapatsa asisi manambala enieni a seva, kuti asadutsenso pa dzina. Ndinatsegula kaundula amene seva imalembamo aliyense wogogoda pakhomo pake. Loweruka munalibe aliyense. Ndinati eya, ndiye kuti asisi sakufika n'komwe kwa ife, vuto lili panjira. Zoti seva yazima n'kuyakanso zinalimo zambirimbiri, koma magetsi a m'tauni masiku amenewo ankathima ngati akuphethira, ndiye sindinaziwerengere. Ndinapita kwa amene ankatigulitsa laini ya intaneti. Mnyamata wa pa kauntala anandimvetsera akutafuna chingamu, n'kunena kuti kwawo zonse zili bwino, ndikaone kwathu. Ndinabwerera kwathu, zonse zili bwino. Paliponse zinali bwino, koma munthu mmodzi yekha amene tsambalo linapangidwira sankaliona.

Ndinafika pochotsa chilichonse chanzeru. Ndinapanga katsamba kena kopanda databesi, kopanda kabokosi, kongokhala ndi chithunzi chimodzi ndi mawu akuti muli bwanji asisi. Katsamba kotero ngakhale mwana wa sukulu sangakalakwitse. Ndinawatchulira zonsezi pa foni, ndipo Loweruka linalo nakonso kanakana, manambala aja nawonso anakana.

Nzeru zinandithera. Ndinayamba kuopa Loweruka. Amayi anasiya kundifunsa, ankangomanga tayi n'kupita kukachapa. Atate anali atayamba kuonda, kolala ya malaya ikutsala mpata, ndipo foni ikatha sankandiyang'ananso, ankayang'ana khoma. Pa ntchito anzanga ankandiseka kuti ndapanga tsamba lamanyazi, loopa azungu. Ndinkaseka nawo, mkati mukuwawa. Abwana ankandifunsa Lolemba lililonse za atate, ine n'kumati alipo. Za tsamba sindinawauze. Ndikanayamba bwanji kuuza wondilemba ntchito kuti katsamba ka chithunzi chimodzi kandikanika?

Loweruka lina ndinalephera kukhala m'nyumba kuonerera tayi ija. Ndinakwera minibasi kupita m'tauni, n'kulowa mu kafe ya intaneti pafupi ndi siteshoni ya mabasi ya Intercity, kuti ndikhale pa kompyuta nthawi yomweyo imene asisi ali pa yawo. Ndinalemba adiresi. Kompyuta inaganiza, inaganiza, kenako inalemba kuti tsamba silikupezeka. Ndinamva kachimwemwe koipa, chifukwa kwa nthawi yoyamba ndinaliona vutolo ndi maso anga. Ndinayesa tsamba la shopu ya ku Kamwala, silikupezeka. La sukulu, silikupezeka. La nyumba ya alendo chimodzimodzi.

Ndinatuluka osadikira kuti nthawi yanga ithe. Ndinadutsa pakati pa onyamula katundu ndi oitanira mabasi, mmodzi anandigwira mkono kuti Chipata, Chipata, ndinamukankha. Kuchokera pamenepo kukafika ku ofesi si patali. Shopu ya nsapato pansi inali yotsegula, wailesi ikulira, ndiye magetsi analipo. Ndinakwera masitepe. Chitseko chathu chachitsulo chinali chokhoma ndi maloko ake awiri, makiyi ali ndi abwana. Ndinaika khutu pakhoma la kachipinda kaja. Kunali zii. Fani ija sinkalira.

Ndinakhala pa sitepe kanthawi. Kenako ndinakakwera minibasi ya ku Woodlands, kwa abwana.

Ndinawapeza atangobwera kutchalitchi, banja lonse lili pakhonde, abwana akadali mu suti. Akazi awo anandilandira ngati mlendo woitanidwa, ndipo ndisanakhale bwino anali atandipatsa kale mbale ya mpunga ndi nyemba zophika dzulo lake. Ndinati pepani kukusokonezani pa tsiku lanu, koma seva yafa, ndachokera ku ofesi, sikulira.

Abwana sanadzidzimuke. Anamaliza kutafuna.

"Siinafe, mwana wanga. Ni ine nimazimya. Chisanu dzuwa lisanangene nimazimya, pa Sondo m'mawa nimapita kuyatsa."

"Sabata iliyonse?"

"Kuchokela tsiku tinaigula."

Ndinaika supuni m'mbale. Iwo anafotokoza modekha, ngati akuuza mwana chifukwa chake timasamba m'manja. Anati lamulo la kupuma silinena iwo okha, limanenanso wantchito wawo ndi chiweto chawo. Makina aja amagwira ntchito m'dzina lawo. Akawasiya oyaka, ndiye kuti pa Sabata iwo ali m'tchalitchi kuimba, kwinaku akugulitsa misomali ku Kamwala. Makasitomala anawauza poyamba pomwe, ndipo palibe anadandaulapo, chifukwa ndani m'Lusaka muno ankatsegula intaneti Loweruka? Anthu ankaigwirira ku maofesi.

Pamenepo ndinawauza zonse. Za laibulale, za Loweruka, za tayi. Akazi awo anaika dzanja pakamwa. Abwana anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi mpango, nthawi yaitali.

"Sunaniuze chifukwa chani?"

"Ndikanadziwa bwanji kuti n'zofunika kukuuzani? Seva sizimitsidwa, abwana. Ndiyo ntchito yake, kusagona."

"Yanga imagona."

Ndinati nanga ng'ombe ikagwera m'dzenje pa Sabata simuitulutsa? Anati amaitulutsa. Ndinati ndiye ndipatseni makiyi, inu musagwire kanthu, tchimo likhale langa, ine ndine wa Lamlungu. Anati ukayatsa iwe ndi makiyi anga ndiye kuti ndakutuma ine. Ndinati masamba a malonda ndiwatseka, litsale la atate lokha. Ndinaona kuti zawalowa. Koma anati nkhani yotere sangaigamule okha ali pakhonde, afunse kaye akulu a mpingo, apemphere. Lero dzuwa likangolowa apita okha kukayatsa, sadikira Lamlungu.

"Dzuwa likamalowa kuno, laibulale imakhala itatsekedwa kalekale."

"Niziba, mwana wanga. Pepa."

Ndinafuna kutukwana. Mawu anali atafika kale pakamwa, oipa ndithu, okhudza iwo ndi akulu a mpingo awowo. Koma ndinali ndi mbale yawo m'manja, ndipo munthu wake anali yemwe uja anawabereka atate pa masitepe. Ukanakhala mwano kapena nkhanza ndikanadziwa pogwira. Munthu ankandikaniza misozi ili m'maso. Ndinaika mbale pansi, ndinathokoza akazi awo, n'kutuluka pageti.

Foni inalira ndili pa siteji ya minibasi. Ndinawauza asisi kuti vuto ndalipeza, ndipo ndinawafotokozera. Anaseka kuseka kowawa.

"Ndiye kompyuta nayo inabatizika?"

Kenako analira. Ndinati ndisamutsa tsamba, ndiliika kwina kumene sikuzimitsidwa. Tili mkati molankhula ndinazindikira kuti ngakhale nditalisamutsa Lolemba, adiresi yatsopano ndidzawapatsa Loweruka masana atachoka kale ku laibulale, ndiye kuona adzaona Loweruka linalo. Ndinawafunsa ngati sangathawe pang'ono pakati pa sabata. Anati gogo uja sasiyidwa yekha ngakhale kupita pa shopu, ndipo akachotsedwa ntchito alibe kolowera.

"Nizayesabe pa Chiwelu," anatero, kunena Loweruka likubweralo. "Nilibe kwina kopita m'mawa."

Lolemba abwana ndinawapatsa moni wa pakamwa pokha. Ndinakhalira kufunafuna malo aulere pa intaneti. Amene ndinawapeza sankalola databesi, ndiye kabokosi kolembamo kanayenera kutsala. Ndinati palibe kanthu, bola nkhope. Koma laini yathu tsiku limenelo inkayenda ngati nkhono, chithunzi chikafika pakati n'kuduka, ndiyambirenso, n'kudukanso. Ndinaweruka ndisanamalize, ndikuti mawa.

Mawa lakelo amayi anandiimbira ndisanafike n'komwe m'tauni. Atate anali atagwanso, ulendo uno ali pabedi. Tinathamangira nawo kuchipatala, ndipo sindinapondenso ku ofesi sabata imeneyo. Sanatsegule maso. Lachinayi m'mawa anatisiya.

Nambala yokhayo imene tinali nayo inali ya mnzawo wa asisi uja wa kutchalitchi. Ndinaimba, ndinaimba, inkangolira. Kamodzi kanayankha kamakina, ndinasiya uthenga kuti asisi aimbe kunyumba msanga. Sanaimbe. Akuluakulu a banja anakhala pansi n'kugwirizana kuti maliro aikidwe Loweruka, poti ngakhale mwanayo atamva sakanabwera. Ndinati tidikire amve kaye. Amalume anandifunsa kuti anthu onsewa uwadyetsa iwe mpaka liti. Amayi anatulutsa tayi yabuluu n'kuipereka kwa okasambitsa thupi.

Lachisanu abwana anafika ku Kabwata m'mawa ndi galimoto yawo yonyamula katundu. Ananyamula nkhuni, mabenchi a kutchalitchi kwathu, tenti, matumba a ufa, ulendo ndi ulendo, malaya atanyowa ndi thukuta. Masana anati tipite ku Intercity tikalandire azakhali, mlongo wawo wa atate, amene ankachokera ku Katete. Basi inachedwa. Tinaima pamenepo pakati pa fumbi ndi phokoso, dzuwa likutsetsereka. Pamene azakhali ankatsika, akulira kuyambira pa chitseko cha basi, kumwamba kunali kutafiira. Tikukweza katundu wawo ndinaona abwana akuyang'ana wotchi, kenako akuyang'ana cha ku Cairo Road. Anaima choncho pang'ono. Kenako anatsegulira azakhali chitseko, n'kuwongolera galimoto ku Kabwata. Ine mutu unali pa maliro, sindinaganizepo kanthu.

Tinaika Loweruka m'mawa. Titabwerako kumanda, anthu akusamba m'manja pageti, azimayi akuimba m'nyumba, foni inanjenjemera m'thumba. Ndinadziwa mwini wake. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpopi.

"Yatseguka! Iwe, yatseguka, nawaona!"

Sindinawamvepo asisi akulankhula mothamanga chotero. Anati anangolemba mwa chizolowezi, osayembekezera kanthu, n'kuona atate akutuluka pang'onopang'ono kuyambira kumutu. Anati anakuwa mpaka mayi wa mu laibulale anabwera, ndipo anamuonetsa kuti awa ndi bambo anga. Anati aonda koma si monga ankaopera, ndipo ndiwakhululukire ponditcha wabodza. Anati alembamo mawu m'kabokosi, ndikawawerengere.

"Baike pa foni. Baike niwauze kuti nawaona."

Nyimbo ya azimayi inkamveka kudzera pa zenera la kukhitchini.

"Ni bandani baimba?" anafunsa asisi. Kenako, ndi mawu ena: "Iwe. Ni bandani baimba pa nyumba?"

Ndinati, asisi, atate anatisiya Lachinayi, tangobwera kumene kumanda. Zimene ndinamva pa foni sindingazilembe. Ndinangoima pa mpopi paja nditagwira foni, mpaka khadi lawo linatha.

Ndinabwerera ku ntchito pakati pa sabata yotsatira. Fani inkalira monga mwa masiku onse. Ndinatsegula databesi, ndipo pansi pa mawu anga oyesera aja panali mzere umodzi watsopano. Analemba kuti: Atate, ndakuonani. Mwaonda, muzidya zimene amayi akukupatsani, musamakane. Tayi imeneyo mukadali nayo? Mwatchena. Ndibweranso Loweruka kudzakuonani.

Ndinasindikiza papepala monga ndinalonjezera, ndinapinda, ndinapita nalo ku Kabwata. Ndinawawerengera amayi. Anandiuza kuti ndibwereze, kenako analitenga n'kukaliika mu wadilopu.

Abwana sindinawafunse ngati tsiku lija ku Intercity anaiwala, kapena dzuwa linangowapeza, kapena anasankha. Iwonso sananene. Za akulu a mpingo sanazitchulenso, ine n'kusafunsa, chifukwa mphamvu yokangana ndinalibe. Ndinayambiranso zosamutsa tsamba, ndipo ulendo uno zithunzi zinakwera, koma adiresi yatsopano ndinalibe poipereka mpaka asisi aimbe. Lachisanu anzanga ataweruka ndinachedwa dala pa tebulo langa. Abwana anandiyang'ana, ine ndinawayang'ana. Anaima pakhomo pa kachipinda kaja nthawi ndithu, dzanja lili pa chitseko. Kenako analowa, ndipo fani inaleka kulira.

Loweruka masana asisi anaimba, mawu atasasa. Anafunsa za amayi, za azakhali, za amene ananyamula bokosi. Ndinawatchulira adiresi yatsopano chilembo ndi chilembo, iwo akulemba. Pomaliza anati m'mawa anapita ku laibulale, anafuna kungowaonanso pang'ono.

"Sinatseguke," anatero.